Mbiri ya Nsolo ndi Kasungidwe Kake mu Kabwe

Makolo athu analibe bokosi losungiramo masewera. Anthu akafuna nsolo ankakumba timaenje m'mizere inai pansi pa mtengo, natola timiyala m'njira, ndipo masewera ankayamba. Mvula ikafafaniza timaenjeto, m'mawa mwake ankakumba tina. Cimene ankasunga ndico malamulo okha, ndipo amenewo ankakhala m'mitu ya akulu, nafika kwa ana mwa kupenyerera. Masewerawa anali ofala m'maiko athu onse. Mu 1913 Dotolo Meredith Sanderson analemba za nchuwa ndi bawo za ku Nyasaland, ndipo mu 1920 Edwin Smith ndi Andrew Dale analongosola cisolo ca Aila a m'cigwa ca Kafue.

Mzinda wa Kabwe unabadwa ndi mgodi. Mu 1902 T. G. Davey anapeza mtovu ndi zinki pamalopo, nawacha Broken Hill potengera dzina la mgodi wina wa ku Australia. Dzina la Kabwe linakhazikitsidwa mu 1966. Njanji inafika mu 1906, ndipo amuna anayamba kubwera kudzafuna nchito m'dziko ili la Alenje, ena kucokera ku Fort Jameson, kumene tsopano timati Chipata, ena ku Nyasaland, ena ku dziko la Abemba. Zinenero zao zinali zosiyana, koma mizere inai ya timaenje onse ankaidziwa. Motero munthu wosamva cinenero ca mnzake ankatha kukhala naye madzulo onse m'komboni, akudyerana timiyala.

M'tauni masewera anasanduka katundu. Bawo, amene Ayao anaphunzira kwa anthu a kugombe la nyanja ya mcere, amaseweredwa pa thabwa losema la maenje 32, ndi njere 64. Thabwa lotere liri ndi mwini wake. Limabwerekedwa, limang'aluka ndi dzuwa, limadyedwa ndi ciswe. Pambuyo pake masitolo anabweretsa masewera a m'mabokosi. Ludo, amene anayamba kugulitsidwa ku England ca m'ma 1896, anacokera ku masewera akale a ku India ochedwa pachisi. Masewera a njoka ndi makwerero anacokeranso ku India komweko. Amenewa ngofooka koposa, pakuti bolodi lao nla katoni, ndipo akataika kadaisi kamodzi basi masewera afa. Mwala wa m'njira sungalowe m'malo mwake.

Dirafuti yekha ndiye anazolowera msanga moyo wathu. Anthu anajambula timabwalo 64 pa cidutswa ca thabwa, natenga zitsekero za mabotolo 24, wina kuika zake 12 cafufumimba, mnzake cagada. Apa nzeru ya makolo inabweranso: cotaika cimapezeka popanda ndalama.

Koma mu Kabwe muli cifukwa cina cacikulu cosungira thabwa m'nyumba, cimene anthu oyamba aja sanacidziwe. Mgodi unatsekedwa mu 1994, koma fumbi la mtovu linatsalira m'dothi la makomboni oyandikana nao, monga Kasanda, Makululu ndi Chowa. Mtovu umalowa m'thupi ndi mpweya, ndiponso ndi manja opita kukamwa. Umaononga magazi ndi ubongo, makamaka mwa ana aang'ono, ndipo mwana wotere amabvutika pa sukulu popanda makolo kudziwa gwero la bvutolo. Tsono ganizani za nsolo wa pansi: mwana amakumba dothi ndi zala, amafumbata timiyala tafumbi maora awiri kapena atatu, kenaka amakadya nsima. Dothi limene linasunga masewerawa kwa mibadwo yambiri, m'malo amenewa silingawasungenso. Thabwa limene kale linali conyadira ca munthu wopeza bwino, lero liri cinjirizo la ana.

Cifukwa cake kasungidwe ka masewera si nkhani yacabe, ndipo inu amene mwatsiriza sukulu mungathe kuiyendetsa m'nyumba za makolo anu. Thabwa likhale pamwamba, pa shelefu kapena pa msomali, kutali ndi cinyezi ndi ciswe, ndipo lizipukutidwa ndi nsalu yonyowa, pakuti kusesa kouma kumangoulutsa fumbi. Timiyala tisatoledwe pa milu ya zotaya za mgodi. Titsukidwe, tiikidwe m'citini cotseka. Masewera ali onse akhale ndi citini cake, ndipo pa cibvundikiro palembedwe ciwerengero cake: bawo 64, dirafuti 24, Ludo 16 ndi kadaisi. Kalaliki wabwino satseka buku lake asanaonkhetse. Momwemonso osewera asanyamuke asanawerenge. Zitinizo zikhale posafikira mwana wokwawa, amene amaika ciri conse m'kamwa, ndipo pakhale munthu mmodzi wodziwa amene wabwereka ndi tsiku lobweza.

Catsala cimodzi cimene sicilowa m'citini. Malamulo a Ludo amabwera osindikizidwa m'bokosi, koma a nsolo ali m'mitu ya agogo, ndipo amasiyana dera ndi dera. Khalani nao pansi agogowo, muwafunse ciwerengero ca timiyala ta m'dzenje liri lonse ndi madyedwe ake, mulembe m'kope, ndipo kopelo mulisunge pamodzi ndi thabwa.