Naphiri: Dzina Lobala Mafumu

Kuyambira ku Kasungu mpaka ku Dedza, ngakhalenso kutsidya kwa malire ku Katete, n'kovuta kupeza mudzi wopanda mayi wotchedwa Naphiri. Dzinali si la paubwana ayi, koma mfunda. "Na-" atanthauza mkazi wa fuko, ndipo "Phiri" ndilo fukolo. Atumbuka ndi Atonga amati Nyaphiri. Politchula, "ph" amatuluka ndi mpweya monga m'mawu akuti phala. Amene amati "Nafiri" angotengera kaŵerengedwe ka Chingerezi.

Akuluakulu amasimba kuti Aphiri adachokera ku dziko la Aluba, m'Congo wa lero, motsogozedwa ndi Kalonga. Nthano ina imati pa ulendowo ena adagona pamwamba pa phiri natchedwa Aphiri, pamene anzawo adabanda udzu m'tsinde natchedwa Abanda. Nthanoyi njokoma kumva, koma akatswiri ambiri a mbiri akuti Abanda ndiwo adayamba kufika, ndipo Aphiri adaŵapeza ali kale eni nthaka ndi opempha mvula.

Kalonga atakhazikika ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, ufumu sunkapita kwa mwana wa mfumu. Mkazi wake wamkulu, Mwali, ankakhala wa kwa Banda, motero ana ake ankaŵerengedwa Abanda. Woloŵa ufumu ankayenera kubadwa kwa Nyangu, mayi kapena mlongo wa Kalonga, amene anali Naphiri. Chimodzimodzinso kwa Undi ndi kwa Lundu: mpando unali wa mwamuna, koma khomo loloŵera pampandopo linali mimba ya Naphiri.

Zinthu zidatembenuka Angoni ataoloka Zambezi mu 1835. Iwo ankaŵerenga fuko kuchimuna, ndipo Acheŵa ambiri pang'onopang'ono adayamba kutenga mfunda wa bambo. Mabuku a sukulu ndi a msonkho, ofuna dzina la bambo, adalimbitsa mchitidwewo. N'chifukwa chake Naphiri wa lero kaŵirikaŵiri amakhala mwana wa bambo Phiri, ngakhale mayi wake ali Nabanda. Makolo a ku Mankhamba akadamuitana Nabanda.

Ulemu wa dzinali wokha sudasinthe. Mtsikana akatha msinkhu, kumuitana ndi dzina la paubwana kumayamba kuchititsa manyazi, makamaka akakwatiwa. Mwamuna wodziŵa mwambo satchula mkazi wake dzina limenelo pagulu, amati "Anaphiri". Ndipo mlendo akadya nsima nasamba m'manja, amaomba m'manja pang'ono ndi kunena kuti, "Zikomo Anaphiri."