Mndandanda wa a Mataka ndi Wansembe wa ku Unangu

Kwa zaka mazana ambiri Ayao sankalemba mibadwo ya mafumu awo. Inkakhala m'mitu mwa nkhalamba, kuyambira pa phiri la Yao, kumene amati mtundu wonse udachokera, kufikira masiku a malonda a minyanga ya njovu ku Kilwa.

Nthawi imene imanditenga mtima ine ndi ya Yohanna Barnaba Abdallah, wansembe wa Anglican amene adakhala ku Unangu, kumpoto kwa mzinda wa Lichinga, kuyambira m'ma 1890 mpaka imfa yake mu 1924. Buku lake, Chiikala cha Wayao, lidasindikizidwa ku Zomba mu 1919. Ntchito imene adadzisenzetsa inali yozunguza mutu, chifukwa Mataka ndi dzina laufumu lolowana. Amene Livingstone adamupeza ku Mwembe mu 1866 anali Nyambi. Atamwalira, dzinalo adalowa Nyenje, kenako Bonomali, mpaka kudzafika kwa Chisonga, amene adathawira kutsidya kwa mtsinje wa Rovuma Apwitikizi atalanda Mwembe mu 1912. Ufumu wa Ayao, monga wa Achewa, umatsata kuchikazi, ndipo wolowa dzina amatenga ubale wonse wa malemuyo, moti mnzake amene adakulira naye limodzi amayamba kumutcha malume. Ndiye nkhalamba ikasimba kuti Mataka adathira nkhondo mudzi wakutiwakuti, wolemba amayenera kufunsa kuti Mataka wake uti.

Ngakhale nthano zopeka zidasautsapo anthu chimodzimodzi. Wolemba nthano J.R.R. Tolkien adamwalira mu 1973 atasinthasintha bambo wa Gil-galad, mfumu ya m'nthano zake. Mwana wake Christopher adasankha Fingon kukhala bamboyo m'buku la The Silmarillion la 1977, koma patapita zaka adavomera yekha kuti kukadakhala bwino kuisiya nkhaniyo osaigamula. Christopher ankalimbana ndi mapepala a munthu mmodzi, pamene Abdallah ankatola mawu m'kamwa mwa anthu ambiri, aliyense akukokera kwawo.

N'chifukwa chake ulemu ndimaupereka kwa Abdallah osati kwa Meredith Sanderson, dokotala amene adakonza bukulo ndi kulimasulira m'Chingerezi. Sanderson adagwira ntchito yabwino, koma amene adafunsa ndi kulemba m'Chiyao ndi wansembe uja.

Abdallah sadauone mzinda wa Lichinga. Apwitikizi adaukhazikitsa mu 1931 ndi dzina la Vila Cabral, ndipo lero ndiwo likulu la Niassa, chigawo chimene muli Mwembe ndi Unangu. Mfumu ikamwalira m'midzi yozungulira mzindawu, akuluakulu a mbumba amakhalabe pansi kuwerenga za kuchikazi: mayi wa uyu anali mlongo wa yani, ndipo wamkulu anali ndani.