Cikanda ndi Maluwa a ku Mapiri

Mu 1939, Audrey Richards anatulutsa buku lofotokoza ulimi ndi zakudya za Abemba. Masiku amenewo cikanda cinali ndiwo wamba ya kumudzi, yophikidwa ndiwo zina zikasowa. Amayi anali kukumba timbatata tocepa m'madambo, kutisinja, kusakaniza ndi nshawa ndi cidulo, basi banja ladya.

Anthu ataculuka m'matauni a ku Copperbelt ndi ku Lusaka, cikanda cinawatsatira. Cinalowa m'misika, m'maphwando a ukwati, mpaka m'mahotela. Madambo athu atayamba kutha, amalonda anaoloka malire pa Nakonde kukagula ku mapiri a kumwera kwa Tanzania. Mu 2003, Tim Davenport ndi Henry Ndangalasi anayerekezera kuti timbatata toposa 2 miliyoni tinali kulowa m'Zambia caka ciliconse kucokera kumeneko. Mu 2005, Tanzania inakhazikitsa paki ya Kitulo, makamaka pofuna kuteteza maluwa, osati nyama.

Mbiri iyi ndiyo poyambira panga pophunzitsa za zomera za kumapiri. Ana ambiri m'kalasi mwanga sanaonepo mapiri a Nyika, amene timagawana ndi Malawi, kumene mitundu ya maluwa a orchid ipitirira 200, pamtunda woposa mamita 2,000. Koma cikanda onse acidziwa. Amadabwa ndikawauza kuti cimene amadya ndi muzu wa maluwa amenewa, monga Disa, Satyrium ndi Habenaria.

Kenaka tifika pobvuta. Ukakumba kambatata, wapha comera conse. Njere zake ndi zazing'ono ngati fumbi, ndipo sizimera popanda mtundu wina wa nkhungu za m'dothi. N'cifukwa cake cikanda sicilimidwa ngati kandolo.

Sindiwauza kuti okumba ndi adani. Ambiri ndi amayi amasiye ndi ana amene apezera pomwepo ndalama za sopo ndi makope. Cimene tikambirana ndi kakumbidwe: kudikira njere zigwe, kusiya zomera zina, kupumitsa dambo zaka zingapo.

Cikanda cinacoka pa ndiwo ya osowa kufika pa cakudya conyaditsa dziko m'zaka zosakwana 100. Ana amene ndiphunzitsa ndiwo ogula a mawa, ndipo wogula wodziwa kumene cakudya cake cimamera amafunsa asanalipire.