Peter Cook, Munthu Amene Anaseka Akuru a Dziko Lace

Pa mwezi wa January caka ca 1960, Nduna Yaikuru ya dziko la Britain, Harold Macmillan, anayendera maiko a mu Africa, nafikanso ku Lusaka. Pa ulendowo anali ndi ulemerero wonse wa mtsogoleri wa boma lamphamvu. Koma zisanathe zaka 2, kwao ku London, mnyamata wina anaimirira pamaso pa khamu la anthu, natenga mau ndi mayendedwe a mkuruyo, ndipo nyumba yonse inafa naco ciseko. Dzina la mnyamatayo ndiye Peter Cook.

Cook anabadwira ku Torquay pa 17 November 1937. Atate wace anali pa nchito ya Boma la Angelezi ku Nigeria, ndipo mwanayo anakulira kutali ndi iwo. Anaphunzira ku Radley, napita ku sukulu yaikuru ya Cambridge kukaphunzira Cifalansa ndi Cijeremani, pakuti anafuna kudzakhala kazembe wa dziko lace. Koma mtima wace unali pa nthabwala. Mu 1959, akali wophunzira, masewero oseketsa amene iye analemba anali kuonetsedwa kale mu London, ndipo mu 1960 anamsankha kukhala mtsogoleri wa Footlights, bungwe la masewero la ophunzira a ku Cambridge.

Pa mwezi wa August 1960 iye ndi anzace atatu, Dudley Moore, Jonathan Miller ndi Alan Bennett, anaonetsa ku Edinburgh sewero lochedwa Beyond the Fringe. Mu 1961 analitengera ku London, ndipo mu 1962 linaoloka nyanja kufika ku New York. Kufikira nthawi imeneyo a nthabwala ambiri a ku Britain anali kuseka apongozi, zidakwa ndi anthu ena wamba. Anyamata anaiwa analoza nthabwala zao kwa atsogoleri a boma, a nkhondo, a calici ndi a milandu.

Inu a pa migodi mudzamva msanga cigawo cina ca sewerolo. Cook anali kukhala pa benci ngati munthu wokumba malasha, nalankhula yekha ndi nkhope yosamwetulira. Munthuyo anali kudandaula kuti akadakhala woweruza milandu, koma anasowa Cilatini cimene cifunika pa mayeso a oweruza, cifukwa cace analowa pansi pa mgodi. Potsiriza anali kulinganiza nchito ziwirizo: wa mu mgodi akakalamba, nadwala, nzeru zace nizicepa, amcotsa nchito, koma woweruza akafika pamenepo ndi pamene akhazikika bwino pa mpando. Anthu anaseka, komatu m'kati mwa cisekoco munali mau owawa, akuti ku Britain sukulu imene mwana alowa ndiyo inali kugamula za moyo wace wonse.

Cigawo cimene cinadabwitsa anthu koposa ndi ca Macmillan. Masiku amenewo sicinali cizolowezi kusanzira Nduna Yaikuru yamoyo pa bwalo la masewero. Cook anamuonetsa ngati nkhalamba yotopa, yolankhula mau ambiri opanda mutu za maulendo ace. Usiku wina Macmillan mwini wace anabwera kudzaonera. Cook atamuona sanabwerere m'mbuyo, koma anasiya mau olembedwa nayamba kumnyodola pomwepo, nanena za mkuru amene akhala pakati pa anthu ndi kumwetulira kopusa pamene anyamata ali kumseka. Sanamgwire kapena kumtsekera m'ndende, ndipo sewerolo linapitirira.

Ngakhale zinali tero, ufulu wa a masewero unali ndi malire. Kuyambira 1737 lamulo linali lakuti sewero liri lonse latsopano liyambe lawerengedwa ndi Lord Chamberlain, nduna ya ku nyumba ya Mfumu, amene anali ndi mphamvu ya kufafaniza mau osamkomera. Lamulolo silinali kugwira kalabu ya mamembala okha. Tsono mu October 1961 Cook ndi mnzace Nicholas Luard anatsegula kalabu yochedwa The Establishment ku Greek Street mu London, kumene a nthabwala anali kulankhula momasuka. Kalabuyo inatha mu 1964, ndipo mphamvu ya Lord Chamberlain pa masewero inathetsedwa mu 1968.

Mu 1962 Cook anaika ndalama zace mu Private Eye, nyuzi ya nthabwala imene inayamba mu 1961, nakhala mwini wace wamkuru kufikira imfa yace. Nyuziyo inali kuseka akuru ndi kuulula zinsinsi zao, ndipo anthu acuma monga James Goldsmith ndi Robert Maxwell anaitengera ku khoti poti yaipitsa maina ao. Milandu yotere imadya ndalama zambiri, koma Cook sanaisiye nyuziyo pa masiku a mabvuto.

Kuyambira 1965 kufikira 1970 iye ndi Dudley Moore anachuka pa wailesi ya kanema ya BBC ndi masewero ochedwa Not Only... But Also. Mu 1967 anapanga kanema wochedwa Bedazzled, m'mene Cook anasewera ngati Satana. Zambiri za masewero a pa BBC zinatayika, cifukwa masiku amenewo matepi anali kufafanizidwa kuti ajambulirepo zina. Pambuyo pace ubwenzi wa awiriwo unazirala. Cook anayamba kumwa mowa kopitirira, ndipo Moore anapita ku Hollywood nakhala wochuka kumeneko.

Koma mu June 1979 Cook anaonetsa kuti lilime lace linali lakuthwabe. Jeremy Thorpe, amene kale anali mtsogoleri wa cipani ca Liberal, anaimbidwa mlandu wa kupangana kupha munthu, ndipo khoti linampeza wosalakwa. Anthu ambiri anaganiza kuti woweruza Cantley, pomanga mlanduwo, anakondera wamkuruyo nanyoza mboni. Patapita masiku owerengeka, pa masewero osonkhetsa ndalama za Amnesty International, Cook anabvala mkanjo ndi tsitsi la oweruza, namanga mlanduwo kaciwiri. Anatukwana mboni imodzi-imodzi, natamanda woimbidwa mlandu, kwinaku akubwereza kuti iye sakondera munthu ai. Mwini sewero la wokumba malasha uja tsopano anakhala pa mpando wa woweruza, naonetsa dziko lonse cimene linali kunong'ona.

Cook anamwalira ku London pa 9 January 1995, ali ndi zaka 57. Mu 2005 a nthabwala anzace, pofunsidwa ndi Channel 4, anamuika iye patsogolo pa onse.

Kodi kuseka akuru kumasintha dziko? Cook mwini sanadzinyenge. Ponena za kalabu yace, anali kuiyerekeza mwanthabwala ndi makalabu a ku Berlin amene anaseka Hitler koma osatha kumletsa. Macmillan anatula udindo mu October 1963 atadwala, boma lace litagwedezeka ndi mlandu wa Profumo, ndipo si nthabwala zimene zinamcotsa. Thorpe sanaimbidwenso mlandu uja. Cimene Cook anasintha ndi mantha a anthu. Asanabwere iye, kusanzira mtsogoleri wa dziko pamaso pa anthu kunali cinthu codabwitsa, koma pambuyo pace Nduna Yaikuru iri yonse ya Britain yalowa nchito yodziwa kuti idzasekedwa, ndi kuti iyenera kupirira.