Chiuno chimene chinkalira

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, dokotala wina wa mafupa ku England, John Charnley, anakumana ndi wodwala amene chiuno chake chinkalira kwii! akamayenda. Bamboyo anali atamuika mutu wa pulasitiki pa fupa la ntchafu, ndipo mutuwo unkakwechana ndi fupa. Charnley anamva kulirako ngati mmisiri wa makina, nafunsa: n'chiyani chimafewetsa mfundo ya munthu kuti iziyenda zii kwa zaka zambirimbiri?

Nditayamba kumasulira nkhani za biomechanics ndinasowa liwu limodzi la Chichewa. Ndimangoti ndi luso loyeza thupi ndi malamulo omwewo amene timayezera mlatho kapena njinga. Munthu akamayenda, mfundo ya m'chiuno imasenza katundu woposa kulemera kwake kawiri kapena katatu.

Pachipatala cha Wrightington, Charnley anasankha pulasitiki yoterera kwambiri, Teflon, kuti ikhale chikho cholandira mutu wachitsulo. Poyamba zinaoneka ngati zatheka. Anthu ankadzuka ululu utatha. Koma patangopita chaka chimodzi kapena ziwiri chikhocho chinkadyeka, tizidutswa take n'kumatupitsa minofu ndi kuwononga fupa. Odwala pafupifupi 300 anali atalandira kale chikho chotere, ndipo ambiri anayenera kung'ambidwanso. Mbiri ya zachipatala imakonda kudutsa pamenepa mothamanga. Ine ndimaimapo, chifukwa amene anadziwitsa dziko kuti kuterera pakokha sikukwanira ndi anthu amenewa, ndi matupi awo.

Mu 1962 kunabwera wamalonda ndi pulasitiki ina yolimba, polyethylene. Charnley anaikana, koma mmisiri wake Harry Craven anaiyesabe pa makina, ndipo inapirira kuposa Teflon kutalitali. Charnley anaika tizidutswa ta mapulasitiki onse awiri pansi pa khungu la ntchafu yake. Pamene panali Teflon panatupa, penapo ayi. Mu Novembala chaka chomwecho anaika chikho chatsopanocho mwa wodwala woyamba.

Chimene chimandisangalatsa ndi kukula kwa mutu wachitsulo uja: mamilimita 22 okha, pafupifupi theka la mutu wa fupa lenileni. Sanatsanzire chilengedwe. Anawerengera kuti mutu waung'ono supotokola chikho mwamphamvu, choncho simenti yogwiriza chikhocho ku fupa sigwedera msanga, komanso pulasitiki imatsala yochindikala.