Hayabusa, Chombo Chomwe Chidabwera ndi Fumbi

Miyala yogwa kuchokera kuthambo anthu akhala akuitola kuyambira kalekale. Akatswiri ankaganiza kuti yambiri mwa iyo ndi zibenthu za matanthwe ozungulira dzuwa otchedwa asteroid, koma umboni wogwirika padalibe. Pankafunika kukatapa dothi pa limodzi la matanthwewo ndi kulifanizira ndi miyala yotoledwa pansi pano.

Ntchitoyi adaisenza ndi akatswiri a ku Japan. Pa 9 Meyi 2003 adaulutsa chombo chopanda munthu chotchedwa Hayabusa, dzina la mbalame ya mtundu wa kabawi. Chidalunjika ku Itokawa, thanthwe la mamita pafupifupi 535 m'litali, ndipo chidafikako mu Seputembala 2005. Injini zake zazikulu zinkakankha gasi wa xenon ndi magetsi ochokera ku dzuwa. Mphamvu yake idali yochepa zedi, koma zinkakankha osalekeza kwa miyezi yambirimbiri.

Kumeneko zinthu zidasokonekera motsatizana. Magudumu awiri mwa atatu othandiza kuti chombo chikhazikike adawonongeka. Kaloboti kotchedwa MINERVA, komwe kankayenera kudumphadumpha pa thanthwelo, kadaliphonya n'kusochera m'mlengalenga. Mu Novembala chombo chidatera kawiri, koma chipolopolo choswera nthaka kuti fumbi lidumphire m'chotengera sichidaphulike. Kenaka mafuta adayamba kudontha, chombo chidayamba kugubuduka, ndipo mu Disembala chidangoti zii. Kwa masabata pafupifupi asanu ndi awiri gulu lotsogozedwa ndi Junichiro Kawaguchi lidakhala likutumiza mauthenga popanda yankho, mpaka kamawu kofooka kadamvekanso mu Januwale 2006.

Ulendo wobwerera, womwe unkayenera kutha mu 2007, udatalika ndi zaka zitatu. Mu Novembala 2009 injini yomwe chinkadalira idazima. Apa mpamene luso la akatswiriwa lidaonekera bwino kuposa pena paliponse: popeza padalibe dzanja lofika kumeneko, adalamula pa wailesi kuti mbali yamoyo ya injini imodzi yakufa igwire ntchito ndi mbali yamoyo ya inzake. Injini ziwiri zolumala zidasanduka imodzi yoyenda. Tisaiwale kuti onsewa ankavutikira chotengera chomwe mwina chidali chopanda kanthu.

Pa 13 Juni 2010 chotengeracho chidatera m'chipululu cha Woomera ku Australia, pomwe chombo chenichenicho chidapsera m'mlengalenga. Atachitsekula, maso sadaone kalikonse. Makina okuza zinthu ndiwo adaonetsa timchenga pafupifupi 1,500 tochokera ku Itokawa, tochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi la munthu. Zikuoneka kuti tidalowa m'chotengeramo chifukwa cha kugunda kwa chombo potera.

Timchengato tidakwanira. Maminerale ake adafanana ndi a miyala yotchedwa chondrite, yomwe ndiyo imagwa kawirikawiri pa dziko lino, ndipo ubale womwe unkangoganiziridwa udatsimikizika. Dziko la Japan lidapanga chombo chachiwiri, Hayabusa2, chomwe chidanyamuka mu Disembala 2014 kupita ku thanthwe lina lotchedwa Ryugu. Ulendo uno chipolopolo chidaphulika, ndipo mu Disembala 2020 magalamu 5.4 a dothi lakuda adatera ku Woomera komwe kuja.