Makolo ndi Chingerezi cha Ana Awo Kumadzulo kwa Lilongwe

Mwa maphunziro onse amene mwana amachita pasukulu m'Malawi muno, palibe limene lili ndi mphamvu yomutsegulira kapena kumutsekera njira kuposa Chingerezi. Wophunzira angakhoze Masamu, Sayansi, Zaulimi ndi Chichewa, koma akalephera Chingerezi salandira setifiketi ya JCE kapena ya MSCE. Komabe phunziro lomweli ndi limene makolo ambiri akumidzi, monga a ku Namitete, Nsaru, Kabudula, Mpingu ndi Nambuma, sangathe kuliyesa okha. Mbiri ya sukulu m'maderawa ikusonyeza kuti kwa zaka zambiri kholo lakhala likuuzidwa ngati mwana wakhoza kapena walephera, koma kawirikawiri silinauzidwe zimene mwanayo ayenera kudziwa ndi pamene akupunthwa.

Sukulu idafika m'chigawo chapakati ndi amishoni. A mpingo wa Dutch Reformed adakhazikika ku Mvera mu 1889 ndi ku Nkhoma mu 1896, ndipo mu 1907 adatsegula mishoni ya Malingunde, kummwera cha kumadzulo kwa Lilongwe. Ansembe Achikatolika a chipani cha White Fathers adayamba ntchito ku Chiwamba mu 1902, n'kusamukira ku Likuni mu 1903, ndipo mu 1928 adatsegula mishoni ya Nambuma kumalire a Lilongwe ndi Dowa. Kuchokera kumishoni zimenezi, timasukulu tofolera ndi udzu tidafalikira m'midzi ya Achewa. M'timasukuluti ana ankaphunzira kuwerenga, kulemba, kuwerengera ndi chikhristu, zonse m'chiyankhulo chawo, chimene pa nthawiyo chinkatchedwa Chinyanja.

M'masiku amenewo kholo silinkafuna kalata kuti lidziwe m'mene mwana akuchitira. Mphunzitsi ankakhala m'mudzi momwemo, ankadya nsima ya anthu omwewo, ndipo nkhani za sukulu zinkakambidwa pabwalo la mfumu kapena pakhomo la tchalitchi. Buku Lopatulika litatuluka lonse mu 1922, mayi wosadziwa ngakhale chilembo chimodzi ankatha kumva yekha ngati mwana wake akuwerenga bwino kapena akudodoma, popeza mawuwo adali a chiyankhulo chimene iye adakula nacho. Khutu la kholo lidali mayeso okwanira. Sikuti ubale wa sukulu ndi mudzi udali wosalala ayi. M'zaka za m'ma 1920 amishoni ndi eni dambwe adalimbirana anyamata, ndipo makolo ambiri ankaona kuti mwana ali ndi phindu kubusa kapena kumunda, makamaka ulimi wa fodya utayamba kufalikira kuchokera ku Mbabzi, kumene A. F. Barron adakhazikika mu 1920. Koma ngakhale wodana ndi sukulu ankadziwa zimene zinkaphunzitsidwa kumeneko.

Chingerezi ndicho chidasintha zinthu. Sichinkaphunzitsidwa kwenikweni m'timasukulu ta m'midzi, koma m'makalasi apamwamba a pamishoni, kumene ana owerengeka okha ndiwo ankafika. Amishoni a Dutch adali odziwika poika mtima pa chiyankhulo cha anthu, ulimi ndi ntchito zamanja kuposa Chingerezi. Koma anthu adapenya msanga kuti ukalaliki pa boma, ukapitawo pa esiteti ya fodya ndi ntchito yabwino ku Salisbury kapena ku Johannesburg zinkagwera odziwa chiyankhulo cha azungu. Motero makolo adayamba kugulitsa fodya, mtedza ndi mbuzi kuti alipirire chinthu chimene iwo sankatha kuchimva. Mwana akabwera patchuthi n'kutchula mawu awiri atatu achilendo, pakhomo ankangoti waphunzira, osadziwa ngati akuyankhula zomveka kapena akuphwanya.

Boma la atsamunda lidalowerera mochedwa. Nthumwi za bungwe la Phelps-Stokes zidayendera Nyasaland mu 1924, ndipo mu 1926 boma lidakhazikitsa nthambi yoona za maphunziro. Kuyambira pamenepo padabwera oyendera sukulu, kaundula wa ana ndi thandizo la ndalama kwa sukulu zokwaniritsa zofunika. Koma malipoti a nthawi imeneyo ankayenda chokwera: kuchoka kwa mphunzitsi kupita kwa mmishoni, kuchoka kwa mmishoni kupita ku Zomba. Amene ankapereka mwana ndi sukulu fizi ndiye adali womaliza kumva. Kuwonjezera apo, abambo ambiri adali kunja, ena ku Southern Rhodesia, ena kumigodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela, kufikira mu 1974 pamene boma lidaimitsa ulendowo ndege itagwa ku Francistown. Bambo wotero ankamva za sukulu kudzera m'kalata, imene nthawi zambiri ankalemba ndi mphunzitsi kapena mwana mwini wakeyo.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, Chingerezi sichidatsike mtengo. Msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress wa mu 1968 udagamula kuti Chichewa chikhale chiyankhulo cha fuko, ndipo Chingerezi chidakhalabe chiyankhulo cha boma pamodzi nacho. Kusukulu za pulayimale ana ankaphunzira m'Chichewa kuyambira Sitandade 1 mpaka 4, Chingerezi chili phunziro limodzi mwa ena. Kuyambira Sitandade 5 maphunziro onse, kupatula Chichewa, ankaphunzitsidwa m'Chingerezi. Apa ndi pamene padali chigwembe chimene makolo ambiri sadauzidwe. Mwana amene ankakhoza bwino m'makalasi apansi ankatha kugwa mwadzidzidzi mu Sitandade 5, osati chifukwa cha ulesi, koma chifukwa mabuku onse adasanduka achilendo. Kunyumba ankamunena kuti wayamba chibwana, mwina kumukwapula kumene, pamene vuto lidali lakuti sankamva zimene mphunzitsi akunena. M'sukulu zambiri mwana wogwidwa akuyankhula Chichewa ankapatsidwa chibalo, koma chibalo sichinkamuphunzitsa mawu amene ankasowa.

Njira yaikulu yodziwitsira makolo m'zaka zimenezi idali tsiku lotsekera sukulu. Ana, aphunzitsi, mafumu ndi makolo ankasonkhana pansi pa mtengo, ndipo mphunzitsi wa kalasi iliyonse ankaitana mayina kuyambira nambala wani mpaka womaliza mwa okhoza. Amayi ankalulutira ndi kufupa ana awo, pamene osatchulidwa ankazemba misozi ili m'maso. Mwambowu udali ndi ubwino wake, chifukwa sunkafuna kuti munthu adziwe kuwerenga, ndiponso unkachititsa sukulu kukhala nkhani ya mudzi wonse. Koma unkanena za nambala yokha. Mwana ankatha kukhala wachitatu m'kalasi imene onse adali ofooka pa Chingerezi, kholo n'kupita kwawo likusangalala, choonadi n'kudzaoneka pa mayeso a Sitandade 8, amene mapepala ake onse, kupatula la Chichewa, amafunsidwa m'Chingerezi.

Lipoti lolemba nalo lidali ndi chilema chake. Linkakhala ndi mndandanda wa maphunziro, malikisi, nambala ya mwana ndi ndemanga ya mphunzitsi, zonse m'Chingerezi. Ndemanga monga "Fair" kapena "Weak" sinkauza kholo ngati mwana akulephera kuwerenga, kulemba chimangirizo, kumvetsa nkhani kapena malamulo a chiyankhulo. Choseketsa koma chomvetsa chisoni n'chakuti womasulira lipotilo kawirikawiri adali mwana yemweyo, ndipo munthu sadziweruza yekha mlandu. A kusekondale zogonera komweko, monga Namitete, Likuni ndi Dzenza, malipoti awo ankatumizidwa pa positi, ndipo kalata inkatha kugona masabata pa adiresi ya sukulu ya pulayimale kapena ya tchalitchi isanafike kwa mwini wake. Funso lina lidali lakuti mwini wakeyo ndani. Pakati pa Achewa, atsibweni ndiwo adali mwini mbumba, bambo ali mkamwini, mayi ndiye wokhala ndi mwana tsiku ndi tsiku. Pepala lokhala ndi malo a dzina limodzi silinkadziwa za mwambo umenewu.

Chaka cha 1994 chidabweretsa maphunziro aulere a pulayimale. Chiwerengero cha ana m'dziko muno chidakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni, ndipo boma lidalemba aphunzitsi zikwizikwi amene adali asanapite kukoleji. Ana a alimi ndi a matenanti a m'maesiteti a fodya, amene kale fizi inkawatsekereza, adadzaza makalasi mpaka ena kuphunzirira panja. Chidali chipambano chachikulu, koma mphunzitsi wa ana oposa 100 sakadatha kuchonga chimangirizo cha aliyense, ngakhale kudziwa kholo la aliyense. Makolo ena nawo, poona kuti salipiranso, adayesa kuti sukulu ndi ya boma ndipo iwo alibe nayo mawu. Mu 1998 malo ophunzirira a MCDE adasandutsidwa sekondale zoyendera za m'madera, ndipo ana ambiri a m'midzi adayamba kuchita Fomu 1 akugona kwawo. Sekondale idayandikira kholo, koma Chingerezi chidakhalabe kutali nalo.

Kukula kwa vutoli kudaonekera poyera pamene bungwe la SACMEQ lidayesa ana a Sitandade 6 m'maiko a kummwera ndi kummawa kwa Africa. Pa kafukufuku wa mu 2007, ana a ku Malawi, amene adayesedwa m'Chingerezi, adali kumapeto pa luso la kuwerenga. Ambiri mwa ana amenewa ankakhoza mayeso a pasukulu pawo teremu ndi teremu, ndipo makolo awo sankadziwa kuti pali chovuta. Boma lidayesa njira zingapo. Mu 2004 lidatulutsa ndondomeko yolimbikitsa anthu a m'midzi kutengapo mbali poyendetsa sukulu za pulayimale, kudzera m'makomiti a sukulu ndi mabungwe a makolo ndi aphunzitsi. Mu 2007 lidayamba silabasi yatsopano imene idalamula kuti mwana aziyesedwa pang'onopang'ono chaka chonse, osati pa mapeto pokha. Magulu a amayi adayambanso kulondola ana ojomba, makamaka atsikana. Komabe misonkhano yambiri ya makolo inkathera pa kuumba njerwa, nyumba za aphunzitsi ndi zopereka za chitukuko. Zonsezi n'zofunika, koma nkhani ya zimene mwana akuphunzira m'kalasimo inkabwera dzuwa litapendeka, anthu atayamba kale kubalalika.

Lamulo la maphunziro la mu 2013 lidati Chingerezi chikhale chiyankhulo chophunzitsira kuyambira Sitandade 1, ngakhale kuti m'makalasi apansi akumidzi Chichewa sichidachoke pakamwa pa aphunzitsi. Mu 2016 boma lidakhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse yophunzitsa kuwerenga m'Chichewa ndi m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1 mpaka 4, potsata mwambi wakuti m'mera mpoyamba. Chaka chomwecho mayeso a JCE adalembedwa komaliza asanathetsedwe, ndipo kwa zaka zingapo kholo lidalibe muyeso wa dziko lonse pakati pa Sitandade 8 ndi Fomu 4. Mayesowa adabwereranso mu 2021. Pakatipo, mu Malichi 2020, sukulu zidatsekedwa kwa miyezi yoposa isanu chifukwa cha mliri wa Covid-19. Maphunziro ena ankaulutsidwa pa wailesi, ndipo kholo lidapezeka kuti ndilo woyang'anira kalasi pakhonde. Amene adali ndi foni za intaneti ankalandira ntchito za ana pa WhatsApp, koma ambiri a ku Kabudula kapena Nsaru adalibe mwayi wotero. Nyengo imeneyi idaonetsa kuti makolo ambiri sankadziwa ngakhale mitu imene mwana wawo amayenera kuphunzira m'chaka chimenecho.

Mbiri yonseyi ikuphunzitsa chinthu chimodzi. Kholo la kumudzi silidakanepo kuthandiza mwana pa Chingerezi. Chimene lakhala likusowa ndi uthenga womveka, wofika nthawi yabwino, m'chiyankhulo chake. Munthu safunika kudziwa Chingerezi kuti amve zakuti mwana wa Sitandade 5 ayenera kuwerenga ndime yaifupi n'kuifotokoza m'Chichewa, kapena kuti wa Fomu 2 ayenera kulemba kalata ndi chimangirizo popanda womuthandiza. Mayi wouzidwa zimenezi angathe kumvetsera mwana akuwerenga madzulo, kuona ngati kope lili ndi cholembera chofiira cha mphunzitsi, ndi kumupatsa mpata wowerenga dzuwa lisanalowe m'malo momutuma kudimba kapena kukasoka fodya. Atsibweni ouzidwa kumayambiriro kwa teremu kuti mphwawo akulephera kumvetsa nkhani angathe kugula buku kapena nyali, pamene kuuzidwa tsiku lotsekera kuli ngati kuitana sing'anga maliro atachitika.

Ophunzira a m'sekondale za lero ndiwo aphunzitsi, akuluakulu a sukulu ndi makolo a mawa. Adzalandira mwambo wa lipoti monga adausiyira akale, ndipo adzakhala ndi ufulu woukonza. Agogo a m'nthawi ya timasukulu ta udzu ankayesa mwana ndi khutu lawo, chifukwa sukulu inkayankhula chiyankhulo cha mudzi. Sukulu ya lero siingasiye Chingerezi, popeza ndicho khomo la setifiketi, koleji ndi ntchito. Koma ingathe kuphunzitsa mwana m'Chingerezi, n'kumauza kholo lake m'Chichewa chomveka zimene mwanayo wadziwa, zimene zamuvuta ndi zimene pakhomo angachite. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mphunzitsi amene wasiya kholo mumdima wadzisenzetsa yekha katundu wa anthu awiri.